Nyimbo ndi yokoma, koma Apollonia sanapepesedwe

Alamu anga ali ndi kaoneredwe kawokawo ka filimu ya Purple Rain. Amakhala ndi rimoti m'manja, ndipo Prince akangotsika pa siteji n'kuyamba kulankhula, iwo amadina kuti zithunzi zithamange mpaka gitala ilirenso. Filimu ya mphindi 111 amaimaliza ola lisanakwane bwinobwino. Tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chake, ndipo anandiyankha osacheuka n'komwe: "Alamu, nkhaniyo ndi yachibwana. Ife timafuna nyimbo."

Sali okha. Anthu ambiri okonda filimuyi amalankhula chimodzimodzi, kuti ndi chionetsero cha nyimbo chapamwamba chimene anachisokerera ku kankhani kosalimba, ndiye munthu wanzeru amadya mnofu n'kusiya fupa. Ine ndikukana. Nkhani imeneyi si fupa lotaya. Ndi mmenemo mmene filimuyi imanena zoona zowawa zimene mafilimu ambiri a anthu otchuka amazemba, ndipo ndi mmenemonso mmene imatinamiza. Amene amadumpha nkhaniyo saona zonse ziwiri, koma bodzalo amalimeza ndithu, chifukwa lili m'nyimbo yomaliza ija imene aliyense amaikonda.

Ndiyambe ndi kupereka ulemu pamene pakuyenera ulemu, kuopa mungati ndine munthu wosamva kukoma kwa zinthu.

Pa 3 Ogasiti 1983, m'kalabu ya First Avenue mumzinda wa Minneapolis, nyumba imene kale inali depoti ya mabasi a Greyhound, Prince ndi bandi yake ya The Revolution anaimba pofuna kupezera ndalama gulu lovina la Minnesota Dance Theatre. Panja panali galimoto yokhala ndi zipangizo zojambulira mawu. Usiku umenewo mtsikana wa zaka 19, Wendy Melvoin, anakwera siteji koyamba monga woimba gitala wa bandiyo. Nyimbo ya "Purple Rain" imene timaimva pa chimbale mpaka lero inajambulidwa usiku womwewo, pamaso pa anthu amene anali asanaimvepo. Inali yaitali pafupifupi mphindi 13, anaidula mpaka mphindi 8 ndi masekondi 41, n'kuwonjezera zoimbira zina ku Los Angeles, koma msana wake ndi wa usiku umenewo. Mawu a gitala oyambirira aja, amene munthu ukangowamva khungu limachita tsembwe, akuchokera m'zala za Wendy. "I Would Die 4 U" ndi "Baby I'm a Star" anazitolanso usiku womwewo. Kodi ndi oimba angati masiku ano amene angalole kuti nyimbo yatsopano, yoimbidwa koyamba pagulu, ipite pa chimbale momwemo?

Ndiye pali "When Doves Cry". Prince anaimba yekha zida zonse, kenako anachotsa besi. Nyimbo yovinira yopanda besi, m'chaka cha 1984, ili ngati ndiwo zopanda mchere. Aliyense akanamuuza kuti walakwitsa. Inakhala pa nambala wani ku America kwa milungu isanu. Chimbalecho chinatuluka pa 25 Juni 1984 ndipo chinakhala pamwamba pa mndandanda wa Billboard kwa milungu 24. Filimu inatuluka pa 27 Julayi, itadya ndalama zokwana madola pafupifupi 7 miliyoni, n'kubweza oposa 68 miliyoni ku America kokha. Panali nthawi ina chaka chimenecho pamene filimu yotsogola, chimbale chotsogola ndi nyimbo yotsogola m'dziko lonselo zinali za mnyamata mmodzi wa zaka 26. Chaka chotsatira analandira mphoto ya Oscar chifukwa cha nyimbo za m'filimuyo, ndipo mu 2019 Library of Congress, laibulale yaikulu ya boma la America, inaiika m'gulu la mafilimu oyenera kusungidwa monga chuma cha dziko.

Kuti mumvetse kukula kwa zimenezi, kumbukirani kuti mu Okutobala 1981 munthu yemweyu anatsegulira chionetsero cha The Rolling Stones ku Los Angeles, ndipo khamu la okonda rock linamugenda ndi zakudya ndi mabotolo mpaka anachoka pa siteji. Munthu wakuda, wamfupi, wovala zachilendo, woimba gitala ngati yawo, sanamufune. Patangotha zaka zitatu ana a anthu omwewo anali pamzere wogula matikiti. Iye mwini ndiye anakakamiza filimuyi. Anauza mamanijala ake kuti ngati akufuna apitirize kugwira naye ntchito, amupezere filimu yeniyeni ya kampani yaikulu, dzina lake lili pamwamba. Wotsogolera kujambula, Albert Magnoli, anali asanapangepo filimu yaitali. Osewera ambiri anali oimba chabe osadziwa za sewero. Anajambula m'nyengo yozizira koopsa ya ku Minnesota kumapeto kwa 1983. Zonsezi ndimazilemekeza, ndipo sindikufuna wina aganize kuti ndikuchepetsa.

Tsopano nkhani ija imene alamu anga amadumpha.

Prince akusewera ngati mnyamata wotchedwa The Kid, mtsogoleri wa bandi, wokhala m'chipinda chapansi kunyumba kwa makolo ake. Akachoka kukalabu, kumene atsikana amamukuwira, amafika kunyumba n'kupeza bambo ake akumenya mayi ake. Akalowerera, nayenso amalandira yake. Bamboyo, amene Clarence Williams III anamusewera mwaluso kuposa wina aliyense m'filimuyo, ndi woimba amene zinthu sizinamuyendere. Pali malo amodzi amene ine ndimawaona ngati mtima wa filimu yonse. The Kid wapeza mayi ake atakhala panja m'mbali mwa msewu akulira. Walowa m'nyumba atalusa, akufunafuna bambo ake kuti athane nawo. Akuwapeza pansi paja akuimba piyano, nyimbo yachisoni yokoma kwambiri, ndipo mkwiyo wake wonse ukungosungunuka. Choyamba kufunsa si za mayi ake, koma za nyimbo: kodi ndi yanu, kodi munailemba papepala? Bamboyo akudzitama kuti iye safunika kulemba, ndipo kumeneko ndiye kusiyana kwa iye ndi mwana wake. Kenako bamboyo akumulangiza mwana wakeyo kuti asadzakwatire.

Taonani chimene chachitika apa. Mayi akadali panja. Mwana wabwera kudzaweruza mlandu, piyano yalira, mlandu waiwalika. Filimuyi yatisonyeza poyera mmene luso limaphimbira nkhanza, mmene munthu wodziwa kuimba amakhululukidwira asanapepese. Pamalo amenewa filimuyi ikudziwa bwino chimene ikuchita. Ndipo nyimbo imene bamboyo akuimba pa piyano inachokera kwa bambo ake enieni a Prince, John L. Nelson, woimba piyano ya jazz amene ankatchedwa Prince Rogers pa siteji, ndipo dzina lawo lili pa olemba nyimbo ya "Computer Blue". Si nthano yongopeka yonse ayi. Munthuyu anaikamo kanthu kena ka kwawo.

Kenako tikuona mwana akutengera bambo. Apollonia, mtsikana wobwera mumzindamo kudzafuna mwayi woimba, akukondana ndi The Kid. Tsiku loyamba kuyenda naye panjinga yamoto, akumupusitsa kuti adziyeretse m'madzi a nyanja ya Minnetonka. Mtsikanayo akuvula n'kudumphira m'madzi ozizira, ndipo atatuluka akunjenjemera m'pamene akumuuza kuti nyanja yake si imeneyo. Anthu amaseka pamenepa, ndipo mawu amenewo anasanduka nthabwala yotchuka. Pambuyo pake Apollonia akupinyolitsa katcheni kake ka kumwendo kuti amugulire gitala yoyera imene ankaisirira pawindo la sitolo. Akumupatsa mphatsoyo, mnyamata akusangalala, ndiyeno mtsikana akumuuza kuti walowa gulu loimba limene akukonza Morris Day, mtsogoleri wa The Time, bandi yopikisana ndi ya The Kid. Mbama imene ikutsatira ikumugwetsera pansi. Gitala ya ndalama zake idakali pomwepo.

Nthawi yachiwiri ndi usiku, panja, atamulanda kwa Morris. Akukangana, akumugwetsanso, akukweza dzanja, n'kuliimitsa m'mwamba. Pakati pa zochitika ziwirizi pali "Darling Nikki", imene akuimba pa siteji ndi cholinga chimodzi chokha, kumuchititsa manyazi pagulu, mpaka mtsikanayo akutuluka akulira.

Pano ndiyenera kunena chilungamo. Prince ndi amene anali ndi mphamvu pa filimuyi. Akanatha kudzijambula ngati mngelo, monga amachitira anthu otchuka ambiri akamapanga filimu ya moyo wawo. M'malo mwake analola kuti dziko limuone akumenya mkazi, akunyoza anzake a m'bandi, akulankhula kudzera m'kachidole chifukwa sangathe kuyang'ana munthu m'maso. Mu "When Doves Cry" akudzifunsa yekha ngati sali chimodzimodzi ndi bambo ake. Limeneli ndi funso lolemera, ndipo amuna ambiri amafa asanadzifunse. Mlembi woyamba, William Blinn, anali atalemba nkhani yamdima kuposa pamenepa pansi pa mutu wakuti Dreams, Magnoli n'kudzailembanso. Mdima wina unatsala, ndipo ndi umene umapangitsa kuti filimuyi isakhale chabe yotsatsa malonda a chimbale.

Vuto langa lili kumapeto. Bambo aja akudziwombera ndi mfuti m'mutu, koma sakufa. The Kid, ali yekha m'chipinda chapansi, akuphwanya chilichonse, ndipo m'kuphwanyamo akupeza mulu wa mapepala: nyimbo za bambo ake, zolembedwa bwinobwino. Ankanama pamene ankati salemba. M'mawa mwake akutenga kaseti imene Wendy ndi Lisa, atsikana awiri a m'bandi yake, akhala akumupempha kuti aimvere, n'kuyamba kuitsatira pa piyano. Usiku akukwera siteji, akulengeza kuti nyimboyi analemba ndi atsikana a m'bandi, akuipereka kwa bambo ake, n'kuimba "Purple Rain". Manja a anthu akugwedezeka m'mwamba. Akupsompsona Wendy patsaya. Mwini kalabu, amene anamuuza kale kuti palibe amene amamva nyimbo zake kupatula iye mwini, akugwedeza mutu movomereza. Apollonia ali pomwepo, misozi ili m'maso, ndipo akubwererana.

Bwererani kumbuyo mufufuze pamene The Kid anakhala pansi ndi Apollonia n'kunena kuti ndinakulakwira, ndinakumenya, sindidzachitanso. Simupapeza. Nyimboyo anaipereka kwa bambo ake, omenya aja, osati kwa mayi ake kapena kwa mtsikana amene iye anamumenya. Ndipo mvetserani mmene nyimboyo imayambira: woimba akunena kuti sichinali cholinga chake kukhumudwitsa kapena kupweteka mnzakeyo. Mawu amenewa timawadziwa. Aliyense amene anakhalapo pa nkhani ya banja monga nkhoswe anawamvapo. "Sindinachitire dala." "Unali mkwiyo chabe." Nkhoswe yodziwa ntchito yake siilola kuti nkhani ithere pamenepo. Imafunsa kuti, chabwino simunafune, koma munachita chiyani? Tchulani. Munthu amene sanatchule chimene anachita sanapepese, wangopempha kuti timumvere chisoni.

Pali china chimene anthu ochepa amachizindikira chifukwa chodumpha nkhani. Mawu akuti ndikhoza kukufera, amene ndi mutu wa nyimbo yotsatira, ija imene anthu amavina mosangalala, amayamba kumveka m'filimuyi kuchokera pakamwa pa bambo uja, akuuza mkazi wake m'kati mwa mkangano. Ndi chilankhulo cha mwamuna amene amamenya n'kumati ndi chikondi. Mwana wachitenga, wachiika ng'oma zokoma, ife tikuvina. Mwina olemba ankafuna kusonyeza kuti mwana wayeretsa mawu a bambo ake. Ine ndikamamva ndimaona ngati wangowalandira monga cholowa.

Ndikudziwa zimene anzanga ena anene. Choyamba adzati inali 1984, nthawi zinali zina, tisaweruze zakale ndi maso a lero. Koma mbama inkapweteka mu 1984 monga ikupwetekera lero, ndipo filimuyo payokha ikudziwa kuti kumenya mkazi n'kulakwa. N'chifukwa chake ikutisonyeza mayi akulira panja. Sindikuibweretsera muyezo wachilendo. Ndikuiyeza ndi muyezo umene inadziikira yokha m'chigawo choyamba n'kuutaya m'chigawo chomaliza. Komanso pali malo amene filimuyi ilibe chodzitetezera n'chimodzi chomwe. Mkazi wina akuimitsa Morris Day pamsewu kumufunsa chifukwa chimene anamunamizira. Morris akuuza mnzake Jerome, ndipo Jerome akumunyamula mkaziyo n'kumuponya m'bini ya zinyalala, n'kutseka chivindikiro. Zimenezi anazikonza kuti tiseke. Palibe chimene chikutsatirapo, palibe amene akuvutika nazo mumtima. Mungati Morris ndi munthu woipa wa m'nkhaniyo, ndiye zoipa ndi zake. Inde, koma kamera ikuseka naye limodzi.

Chachiwiri adzati ndi filimu chabe, The Kid si Prince. N'zoona kuti si mbiri yeniyeni. Mwachitsanzo, makolo onse awiri a Prince anali anthu akuda a ku America, pamene m'filimu mayi akuseweredwa ndi Olga Karlatos wa ku Greece, zimene zinachititsa anthu ambiri kukhulupirira kwa zaka zambiri kuti Prince anali wa makolo a mitundu iwiri. Ndipo sindikunena kuti zimene The Kid anachita kwa Apollonia ndi zimene Prince ankachita pa moyo wake. Komabe filimuyi inachita dala kusokoneza malire. Morris ndi Morris, Jerome ndi Jerome, Wendy, Lisa, Apollonia, onse akugwiritsa ntchito mayina amene amadziwika nawo. Kalabu ndi yeniyeni. Mpikisano wa The Revolution ndi The Time unalipodi. Filimu imene yadzigulitsa ngati choonadi singathawire ku mawu akuti ndi sewero chabe pamene yafunsidwa funso lovuta.

Chachitatu, ndipo ichi ndi champhamvu kuposa zinazo, adzati kwa munthu ngati The Kid nyimbo ndiye pakamwa pake. Satha kulankhula, mwaona yekha akubisala kuseri kwa chidole. Pamene akuimba nyimbo ya Wendy ndi Lisa, ndiye kuti wagonja, wavomera kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo kumeneko ndiko kupepesa kwake. Ndikuvomereza theka. Kwa Wendy ndi Lisa, kuimba nyimbo yawo ndi kutchula mayina awo pagulu ndi malipiro oyenera, chifukwa mlandu wake kwa iwo unali wokana kumva nyimbo zawo. Chimene analanda ndi chimene wabweza. Koma kwa Apollonia mlandu unali wina. Iye sanadandaule kuti nyimbo yake sinaimbidwe. Anamenyedwa chifukwa chofuna ntchito yakeyake. Kodi kumapeto akupitiriza kuimba ndi gulu lake lija? Filimu ilibe nazo ntchito. Tikumuona akuthandiza The Kid kusanja mapepala a nyimbo za bambo ake. Mtsikana amene anabwera mumzinda ndi maloto ake watha ngati wosunga cholowa cha banja la eni.

Ngakhale za Wendy ndi Lisa zija, moyo weniweni unapita kwina. M'filimu nyimbo ya "Purple Rain" ndi yawo. M'mabuku a umwini wa nyimbo ndi ya Prince. Iwo ndi anzawo a m'bandi anathandiza kuiumba pokonzekera, ndipo mayina a awiriwa ali pa "Computer Blue", koma kukangana kwa m'filimu kunali ndi mizu yeniyeni. Mu Okutobala 1986, patangopita zaka ziwiri, Prince anathetsa The Revolution. Nayo The Time, imene m'filimu ikuoneka ngati mdani wake, inali bandi imene iye mwini anaipanga. Pa zimbale zoyambirira za The Time, Prince ankaimba yekha zida zambiri n'kudzibisa pansi pa dzina lakuti Jamie Starr. Jimmy Jam ndi Terry Lewis, oimba a mu The Time, anawachotsa mu 1983 atalephera kufika pa chionetsero chifukwa chipale chofewa chinawatsekereza ku Atlanta, kumene anapita kukajambulira oimba ena. Awiriwa anadzakhala akatswiri amene anapanga zimbale zazikulu za Janet Jackson. Woimba wamkazi wotchedwa Vanity, amene anayenera kusewera mbali ya mtsikana uja, anachoka kujambula kusanayambe, m'pamene anapeza Apollonia Kotero. Anthu ankachoka kapena kuchotsedwa mozungulira munthuyu nthawi yomweyo imene ankajambula filimu yonena kuti waphunzira kumvera anzake. Oimba athu amene anaonapo bandi ikupasuka chifukwa cha funso lakuti nyimboyi mwini wake ndani sangadabwe nazo.

Chodabwitsa n'chakuti patapita zaka pafupifupi khumi, Prince yemweyo anayamba kuyenda ndi mawu akuti kapolo atalembedwa patsaya, atasintha dzina lake kukhala chizindikiro chosatchulika mu 1993, polimbana ndi kampani ya Warner Bros. pa nkhani ya umwini wa nyimbo zake. Pa nkhondo imeneyo anali kumbali yolondola, ndipo oimba ambiri anapindula ndi phokoso limene anachita. Kungoti ululu wa kugwira ntchito imene dzina ndi phindu zikupita kwa wina anaumva bwino pamene unafika pakhomo pake.

Pali nkhani ina imene imandisonyeza kuti vutoli si la Prince yekha, ndi la ife oonera. Filimuyi ndi chimbale chake zinakwiyitsadi anthu ku America, koma mukudziwa chimene chinawakwiyitsa? Tipper Gore, mkazi wa Al Gore amene panthawiyo anali phungu, anagulira mwana wake wamkazi wa zaka 11 chimbalecho, n'kumva mawu olaula a mu "Darling Nikki". Mu 1985 iye ndi amayi anzake a ku Washington anayambitsa bungwe la Parents Music Resource Center, nkhani inafika mpaka ku nyumba ya malamulo ya Senate, ndipo mapeto ake ndi kachizindikiro kakuda ndi koyera kochenjeza makolo kamene timakaona pa zimbale mpaka lero. Mzere umodzi wa zogonana unagwedeza likulu la dziko. Mkazi woponyedwa m'bini ndi mtsikana womenyedwa mbama sanayambitse bungwe lililonse. Ndisanaloze chala ku America, ndikumbuke kuti kwathu kuno m'chaka chomwecho cha 1984 lamulo linkaletsa akazi kuvala mathalauza ndi amuna kusunga tsitsi lalitali, pamene mawu akuti kumenya ndi mankhwala a banja ankayenda momasuka popanda wowaletsa. Khutu lathu limamva msanga mawu olaula kuposa kulira kwa kuseri kwa chitseko. Prince mwiniwake, atalowa mpingo wa Mboni za Yehova kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, anasiya kuimba "Darling Nikki" ndi nyimbo zina zotere. Nayenso chimene anachiona kuti n'chofunika kuchotsa chinali chomwecho.

Mwina mukuganiza kuti ndikufuna anthu asiye kuionera. Ayi ndithu. Ndaionera kambirimbiri ndipo ndidzaioneranso. Palibe filimu ina ya woimba imene ndikuidziwa imene inajambula siteji mwa moyo chotere, utsi, thukuta, nkhope za anthu zopakidwa utoto, Jerome akubweretsera Morris galasi pakati pa nyimbo kuti adziyang'anire. Morris Day amaba filimuyi nthawi iliyonse akaonekera, ndipo mphindi imodzi yoona mtima kwambiri ndi yake: atanyoza The Kid pomufunsa za banja lake bambo ali m'chipatala, anzake akuseka n'kupitirira, iye akutsalira yekha m'kanjira, nkhope itagwa. Masekondi ochepa amenewo ali ndi manyazi enieni amene The Kid sakuwaonetsa kwa Apollonia m'filimu yonse. Ndipo "The Beautiful Ones", imene akuimba akuyang'ana mtsikanayo atakhala patebulo la Morris mpaka akugwa chagada akukuwa, ndi nsanje yosanduka luso pamaso pathu. Imakoma, ndipo imaopsa, ndipo sindiona chifukwa chosankhira chimodzi mwa ziwirizi.

Prince atayesa kubwereza, zinakanika. Under the Cherry Moon ya 1986, imene anaitsogolera yekha, inagwa. Graffiti Bridge ya 1990, imene inabweretsanso The Kid ndi Morris, inagwanso. M'mafilimu amenewo nyimbo zabwino zinalimo ndithu. Chimene chinasowa ndi chipinda chapansi chija, bambo pa piyano, mayi panja. Umenewu ndi umboni wanga kwa alamu anga kuti nkhani imene amadumpha ndi imene inanyamula Purple Rain. Popanda iyo, nyimbo yomaliza ija ikanakhala nyimbo yokoma basi. Imatigwetsa misozi chifukwa taona mfuti, taona mapepala aja atamwazika pansi. Filimu inatikonzekeretsa kwa ola ndi theka kuti tikhululuke, ndipo timakhululuka, ine ndemwe. Mu 2007, pamene Prince anaimba nyimboyi pa Super Bowl, masewero aakulu a mpira wa ku America, ku Miami mvula ikugwa, ndi pamene anamwalira pa 21 Epulo 2016 kunyumba kwake ku Paisley Park ali ndi zaka 57, nyumba ndi milatho zikuwalitsidwa ndi magetsi a mtundu wa pepo, nyimboyo inali itasanduka ya aliyense wolira. Sindikufuna kulanda munthu chitonthozo chimenecho. Ndikungoti m'kati mwa filimu, pamene nyimboyo inabadwira, inagwira ntchito imene si yake, yotseka mlandu umene sunakambidwe.

Ulendo wapitawu nditapita kwa alamu anga ndinawapempha kuti rimoti ndigwire ine. Tinaonera yonse, osadumpha. Pa mbama paja anangoti "aaa," n'kukhala chete. Pamapeto, pamene "I Would Die 4 U" ikulira, pali kachigawo kosonyeza The Kid atapita kuchipatala. Bambo ali pabedi, mutu uli m'mabandeji. Pambali pawo pali mayi aja, akudikirira mwamuna amene ankawamenya. Mayina a osewera atayamba kukwera, ndinawauza alamu kuti ayang'ane bwino. Bambowo dzina tinalimva, mwana wawo analitchula pa siteji pamaso pa khamu lonse: Francis L. Alamu anawerama kufupi ndi sikirini kufunafuna la mayiwo. Pafupi ndi dzina la Olga Karlatos panangolembedwa liwu limodzi la Chingerezi lotanthauza kuti mayi.